Mmene Ababa Anamasulira Kanema wa Mwana Wolowerera

Kwathu kwa Mwambo, cha kumunsi kumene msewu wafumbi umakathera pamadzi a Chilwa, kuli tchalitchi cha njerwa zootcha chimene mpaka lero ndikachidutsa ndimamva fungo la petulo m'mphuno. Anthu amandiseka ndikanena zimenezi, koma n'zoona. M'tchalitchi chimenecho ndi mmene ndinaonera kanema koyamba m'moyo wanga, ndili kamtsikana ka sitandade folo, ndipo amene ankayankhula m'malo mwa anthu onse a m'kanemayo anali ababa anga.

Ababa anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wouma thupi, woyenda pang'onopang'ono. Ine ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Ngakhale mvula iwapeze panjira, ankangopitiriza kuyenda mwaulemu wawo, madzi akuyenderera m'jekete. Ankati munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti waba kanthu. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yophika kwa mzungu wina ku Zomba, ndiye Chingerezi ankachimva, ndipo kukabwera mlaliki wochokera kunja, womasulira ankakhala iwo. Koma kumasulira kwa ababa kunali ndi mchere wakewake. Mlendo akangoti Mulungu amatikonda, ababa ankayamba ndi chikondicho, kenako n'kudutsira kwa anyamata osuta fodya kuseri kwa tchalitchi, n'kukathera kwa amayi obwera mochedwa. Mlendoyo ankangoima pambali akudikira, n'kumadabwa kuti chinenero chathu n'chachitali bwanji.

Pakhomo pathu tinali atsikana okhaokha kupatula achimwene anga Alufeyo, oyamba kubadwa. Ine ndinkawakonda achimwene kuposa munthu wina aliyense, ndipo sindibisa. Mtsinje wa Likangala ukadzaza, ankandiwolotsa atandinyamula paphewa, ine nditagwira makutu awo. Anali ndi luso lotsanzira anthu. Ankatsanzira aphunzitsi, ankatsanzira abusa, ndipo ababa akachokapo ankatsanziranso ababawo, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, mpaka amayi ankaseka akudzigwira pakamwa. Koma atakula anayamba kuyenda ndi anyamata ogula nsomba kudoko, ndipo kumeneko anaphunzirako mowa.

Loweruka lina anatenga njinga ya ababa, ija ankaipukuta ndi kansanza m'mawa uliwonse, akuti akukagulitsa nsomba za makumba kumsika wa ku Songani. Anabwerako mawa lake, wapansi, njinga itatsala kumalo omwera mowa m'manja mwa anthu osadziwika. Bwenzi zili bwinoko akanangopita kunyumba kukagona. Koma mowa unawauza kuti lero ndi Lamulungu. Analowa m'tchalitchi ababa ali pakati pa ulaliki, anakakhala pakati pa anthu a kwaya, n'kuyamba kuimba besi ya nyimbo imene palibe anaiyambitsa. Anthu anayesa kudzigwira, koma phwete linayambira kwa ana n'kufalikira tchalitchi chonse. Ababa anatseka Baibulo. Anati, "Mutulutseni munthuyo. Ine sindikumudziwa." Titafika kunyumba anatisonkhanitsa pakhonde n'kutiuza kuti kuyambira tsiku limenelo dzina la Alufeyo lisamvekenso pakhomopo. M'mawa mwake achimwene ananyamula malaya awo m'kajumbo n'kulowera kunyanja.

Anakakhala m'zimbowera. Kwa amene simunafikeko ku Chilwa, zimbowera ndi timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, kutali pakati pa madzi. Munthu amaphika pomwepo, kugona pomwepo, kumwa madzi omwewo amene akusambamo. M'chilimwe moyo umayendako. Koma mvula ikayamba kumabwera kolera, ndipo aliyense kwathu ankadziwa kuti bwato lochokera m'zimbowera likamafika kudoko anthu ake ali duu osaimba, ndiye kuti pansi pake pagona munthu wofundidwa chitenje.

Amayi anatumiza uthenga kwa amalume, mlongo wawo, poti kwathu kuno mwini mbumba ndi malume. Amalume anabwera n'kukhala ndi ababa pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ababa anangoti iwo pamudzipo ndi mkamwini, anabwera ndi jekete lokha, mwanayo ndi wa amalumewo, akamutenge ngati akumufuna. Amalume anakweradi bwato mpaka kukawapeza achimwene. Anabwerako okha. Achimwene anawauza kuti anachoka chifukwa cha pakamwa pa ababa, ndipo adzabwerera chifukwa cha pakamwa pomwepo. Sankafuna kupepesedwa ayi. Ankangofuna kuti ababa awatchule dzina. Amayi atamva anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti anabereka mwana wofanana ndi bambo ake ngati mazira a nkhuku imodzi.

Ndiye pakhomo pathu panakhala dzina losatchulidwa. Amayi ankati "ujeni uja", ife tinkati "aja a kunyanja". Ine zinkandipweteka kwambiri. Ndikatumidwa kukatunga madzi kumjigo ndinkalitchula ndekha chapansipansi panjira, kuopa kuti pakamwa panga pangaliiwale. Mvula itagwa ndipo mbiri ya kolera itayamba kumveka, amayi anasiya kudya bwino. Akamva kulira kwa maliro kuchokera cha kudoko, ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja n'kuima pakhomo mpaka wina adutse woti amufunse kuti wamwalira ndani. Ababa ankaona zonsezi, koma ankangotsegula Baibulo lawo n'kuweramira momwemo.

Kanema anabwera nthawi yookera mpunga. Anabwera naye achinyamata a mpingo wa m'tauni, pagalimoto yaing'ono yapamtetete imene inatitimira m'matope kangapo isanafike, ana tonse tikuikankha ndi chimwemwe. Linali Loweruka masana. Poti kunja kunali kowala, azimayi anatseka mazenera ndi mphasa, zitenje ndi masaka a feteleza. Kutsogolo anapachika nsalu yoyera yoyala pabedi imene anabwereka kwa mayi busa, yokhala ndi chigamba pakona. Jenereta inayamba kulira kuseri kwa khoma, utsi wake ukulowa m'ming'alu. M'katimo munatentha, munanunkha thukuta, matope a kusikimu ya mpunga ndi matemba, poti ena anachokera kudoko osadzera kunyumba. Azibambo anakhala mbali yawo, azimayi mbali yawo, ife ana pansi kutsogolo, mawondo akugundana.

Mtsogoleri wa achinyamata aja ananena kuti kanemayo ndi wa Chingerezi, n'kufunsa ngati pali amene angamasulire. Mitu yonse inatembenukira kwa ababa. Iwo anadzuka mwaulemu, anakonza jekete, analandira chimkuzamawu n'kukaima pambali pa nsalu. Palibe anawauza kuti nkhani yake ndi yotani, ndipo iwonso sanafunse.

Pansalu panaoneka bambo wina wonenepa, wadazi, wokonza magalimoto m'tauni ya kutsidya kwa nyanja zazikulu. Anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu anali wolimbikira, nthawi zonse ali pansi pa galimoto, oilo mpaka m'makutu. Wamng'ono anali kadyabwino, wokonda galasi ndi nsapato zowala. Tsiku lina wamng'onoyo anauza bambo ake kuti amupatsiretu gawo lake la chuma, n'kutenga galimoto yofiira ya bambo akewo ulendo wa kumzinda waukulu. Apa ndi pamene a Naphiri analephera kupirira. A Naphiri anali mayi wogula matemba kudoko, wamawu ngati wenzulo, ndipo anakhala pabenchi yoyamba. Anafuula kuti, "Kodi mwana ameneyu alibe malume? Nanga amake ali kuti kuti azigawa zinthu mkamwini?" Tchalitchi chonse chinaseka, ena n'kumavomereza kuti a Naphiri afunsa zanzeru, anthu akunjawa zinthu zawo n'zosalongosoka.

Koma pamene galimoto yofiira inkatuluka pageti, ndinamva manong'onong'o kumbuyo kwanga akuti ameneyu ndi mwana wolowerera wa m'Baibulo uja, angomuveka jinzi. Anthu anayamba kuba maso, diso lina pansalu, diso lina kwa ababa. Nawonso ababa anali atazindikira. Koma pothawira panalibe, chimkuzamawu chinali m'manja.

Gawo lotsatira linawayendera bwino. Mnyamata uja anafika mumzinda, anapeza anzake a mowa ndi atsikana ovala nsalu zosakwanira, ndipo ababa anamasulira ndi mphamvu ya ulaliki, akuwonjezera zawo monga mwa masiku onse. Mnyamatayo akangoti moni kwa mnzake, ababa ankati, "Akuti tiyeni tikawononge thukuta la makolo athu." Galimoto inakagwera m'dziwe la madzi pakati pa tauni, anzake anamuthawa, ndipo ntchito imene anaipeza inali yovala chovala cha nkhumba, mutu ndi mchira womwe, n'kumavina pakhomo la malo odyera kuti akope anthu. Abale inu, tinaseka! Galu atamugwira mchira n'kumuthamangitsa mumsewu, agogo ena anagwa pabenchi, ana tinagubuduka pansi. Ababa ankangoti, "Taonani mapeto a mowa. Anyamata akumbuyoko, taonani." Kenako mnyamatayo anakhala pansi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe ya zinyalala, anavula mutu wa nkhumba n'kuuika pamwendo, n'kuyamba kupemphera akulira. Anapemphera nthawi yaitali. Ababa, amene ankatalikitsa mawu a aliyense, anangoti, "Akuti wachimwa."

Tsono kanema anabwerera kwa bambo wadazi uja. Madzulo aliwonse ankakwera padenga la galimoto yakufa pakhomo pake n'kukhala pamenepo akuyang'ana kumsewu. Mwana wake wamkulu akamuitana, iye ankayankha kenakake osachotsa maso kumsewuko. Ababa anati, "Akuti akuyang'ana ngati kukubwera mvula." A Naphiri anati, "Iii, a mkulu, mvula imeneyo yagwa m'maso mwawo mokha?" Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina, kopepuka, kotha msanga. Misozi ya bamboyo inkaoneka bwinobwino pansalu ya mayi busa.

Ndiye linafika tsiku lobwerera. Bambo uja anali akumeta ndevu, thovu la sopo kumaso, thaulo m'chiuno. Anasuzumira pazenera n'kuona kachinthu kakubwera chapatali, theka munthu theka nkhumba. Anataya lumo. Anatuluka liwiro, mimba ikugwedezeka, patapata imodzi inauluka, anapunthwa pampanda wa maluwa n'kugwa chafufumimba, anadzuka dzanja limodzi litagwira thaulo, n'kupitiriza. Anakamukumbatira mwana wake pakati pa msewu, magalimoto akuimba mahutala, sopo akupakika pamakutu a nkhumba. Ankalira ndipo ankayankhula. Ababa anakweza chimkuzamawu n'kunena kuti, "Akuti iwe mwana wopusa, galimoto yanga ili kuti?"

Palibe anaseka. Ngakhale ife ana tinaona kuti munthu sangafunse za galimoto akupsompsona mwana wake pamphumi chomwecho. Mtsogoleri wa achinyamata uja anasendera pafupi n'kunong'ona, koma chimkuzamawu chinatola mawu ake tonse tinamva: "Pepani ababa, sakunena zimenezo." Ababa anatsitsa chimkuzamawu. Kunkangomveka jenereta ndi Chingerezi cha bambo wolira uja, akubwereza mawu amodzimodzi. Ine ndinali pafupi ndi mapazi a ababa.

Atayambanso kuyankhula, mawu awo anali aang'ono, ngati a munthu wina. Anati, "Akuti mwana wanga. Akuti ndakhala ndikukuyang'anira kunjira tsiku lililonse." Kenako anawonjezera kuti, "Akuti za njinga zisiye, njinga si kanthu." M'kanema monsemo munalibe njinga ngakhale imodzi. Ndinamva mpweya wa anthu ukukokedwa nthawi imodzi. Ababa sanathe kudziletsanso. Anati, "Alufeyo, mwana wanga, bwera kunyumba. Madzi amenewo akupha."

Kumbali ya azimayi kunamveka kulira kumodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndi amayi. Inenso ndinalira, mamina ndi misozi, osadziwa kuti ndikulira chisoni kapena chimwemwe. Ababa anaika chimkuzamawu pabenchi mosamala, anakonza jekete, n'kutuluka pakati pa anthu ndi mayendedwe awo omwe aja. Kanema anapitirira wopanda womasulira. Kunali phwando, mwana wamkulu ananyanyala n'kukadzitsekera m'galimoto, bambo ake akumunyengerera pazenera ndi mbale ya nyama. Zonse tinazimva bwinobwino, ngakhale a Naphiri sanafunse funso.

Kunyumba palibe anaiyamba nkhaniyo. Ababa anali pakhonde akusoka nsapato yosang'ambika. Patapita nthawi anati makina aja anali ndi utsi woipa, unawalowa m'maso. Amayi anati, "Eetu, tonse unatilowa." Zinathera pomwepo. Koma a Naphiri anali atamva, ndipo chimene a Naphiri amva nyanja yonse yamva. Lolemba anapita kudoko ndi dengu lawo, ndipo nkhani inayenda bwato ndi bwato mpaka m'zimbowera. Tinadzamva pambuyo pake kuti pofika kumeneko inali itanenepa. Ena ankati ababa anagwada, ena ankati anakomoka, ena ankati mzungu wa m'kanemayo ndiye anatchula dzina la Alufeyo ndi pakamwa pake.

Masiku anadutsa osaoneka munthu. Amayi anayambanso kuima pakhomo, ndipo ine ndinayamba kuopa kuti uthenga wafika mochedwa. Koma ndinaona kuti kumunda ababa asintha malo. Kale ankaokera atafulatira msewu, tsono anayamba kuokera akuyang'ana kumene kumachokera anthu a kudoko.

Tsikulo tinali kusikimu ya Likangala banja lonse, titawerama m'matope ofika m'mawondo, mbande za mpunga m'manja, misundu ikutiluma m'akakolo. Dzuwa linali litakwera. Nditaweramuka kuti ndiwongole msana, ndinaona munthu akubwera m'mbali mwa ngalande, woonda, tsitsi losameta, kajumbo m'manja. Nkhope sinkaoneka, koma mayendedwe ndinawadziwa. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Achimwene Alufeyo!" Kanali koyamba kulitchula mokweza dzinalo chichokereni iwo, ndipo linanditsekemera pakamwa.

Ababa anaweramuka, anaika dzanja pamphumi. Kenako, anthu inu, ababa anathamanga. Mkulu wa mpingo, buluku lopinda mpaka m'ntchafu, anakwera pakanjira kopyapyala ka pakati pa mapuloti n'kuliyatsa liwiro. Sanapite patali, anaterereka n'kugwera m'puloti ya eni ake, matope thii mpaka kumaso. Anadzuka osadzipukuta n'kupitiriza. Sikimu yonse inaweramuka. Azimayi anayamba nthungululu, wina anafuula kuti kanema uja wabweranso, ndipo lero ndi waulere komanso wa Chinyanja. Achimwene anali atagwada kale m'mbali mwa ngalande, akuyamba mawu amene anawakonza njira yonse, koma sanawamalize. Ababa anawagwira m'khosi n'kuwapaka matope thupi lonse. Ine nditafika ndikupuma wefuwefu, ndinamva ababa akungoti, "Waonda iwe. Waonda." M'dzanja lawo munali mudakali mtolo wa mbande, sanautaye ngakhale pogwa paja. Anaupereka kwa achimwene n'kunena kuti, "Gwira, Alufeyo. Ntchito ilipo yambiri."

Sindinganame kuti achimwene anasanduka mngelo tsiku lomwelo. Mowa anaugwerabe kangapo. Kumpingo anawaika pachilango, ankakhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, ndipo Lamulungu limene ababa sankalalikira ankasiya mpando wawo wakutsogolo n'kukakhala nawo kumeneko, onse awiri manja pamawondo, zibwano m'mwamba. Pang'onopang'ono achimwene anausiya mowa. Anaphunzira kukonza njinga, ndipo mpaka lero ali ndi kamsasa kawo ku Songani. Njinga yoyamba imene anailumikiza ndi zitsulo zotoleratolera anaipereka kwa ababa. Inkalira ngati mbuzi, koma ababa ankaipukuta m'mawa uliwonse mpaka pamene anatisiya.

Masiku ano zinthu zinasintha. Nyanja yaphwa n'kubwerera, yaphwanso n'kubwerera, ndipo matemba sachulukanso ngati kale. Tchalitchi chija anachiika magalasi m'mazenera. Kanema ali m'thumba la mwana aliyense, amaonera yekhayekha pafoni, tizingwe m'makutu, kuseka yekha ngati wodwala. Alipo anyamata m'tauni amene amamasulira makanemawa m'Chichewa n'kumawonjezera zawo, ndipo ndikawamva ndimati ntchito imeneyi ababa anaiyamba kale, popanda wowalipira. Koma kuti mudzi wonse ukhale m'chipinda chimodzi, kutuluka thukuta limodzi, mayi wa matemba n'kumakangana ndi nsalu, zimenezo sindikuziwonanso, ndipo ndimazisowa.

Tikakumana pa Khirisimasi, adzukulu amawakakamiza achimwene kuti atsanzire mmene agogo awo anathamangira. Amatero, imvi zili mbuu, mpaka pogwa paja, ana n'kumagubuduka ndi phwete. Koma akafika pa "waonda iwe" mawu amawathera, amanamizira chifuwa n'kutuluka panja.

Mwana wanga wamkazi, amene Chingerezi amachidziwa kuposa agogo ake, wandiuza kangapo kuti ndimufotokozere bwino za kanemayo, angathe kumufufuza pafoni n'kundimasulira mawu ndi mawu zimene bambo wadazi uja ananena pakati pa msewu. Ndimamuuza kuti asavutike. Ine ndinalipo, ndinali kutsogolo kwenikweni, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Anati za njinga zisiye.